A Supuni, Alamu Anga

Ntchito yanga ndi yotsuka matumbo. Kophera nkhumba kuli thebulo la simenti chakuseri, pafupi ndi mpopi, ndipo pamenepo ndi panga. Anzanga akamaliza kuwawula ndi kutumbula, zam'kati zonse amandikankhira m'beseni. Munthu ukagwira ntchito yotereyi zaka zambiri, alimi a nkhumba umawadziwira m'kati. Wina amabwera atatchena, jekete paphewa, nsapato zili waliwali, koma matumbo a nkhumba yake amandiuza mmene khola lake lilili. A nkhumba yosamalidwa amakhala ofewa, amatsetsereka bwinobwino m'manja. A nkhumba za alamu anga ndimawazindikira ndisanafunse n'komwe mwini wake. Amakhala okhuthala ngati payipi, m'kati muli zilonda ndi zonanda zamagazi, fungo lake loti ngakhale ntchentche zimayamba zaganiza kaye.

Alamu angawo ndi amuna a achemwali anga, akulu anga a bere limodzi. Dzina lawo lenileni kaya alipo amene akulikumbukira. Aliyense amangoti a Supuni, chifukwa cha kasupuni ka tiyi kamene anakaboola kuchigwiriro n'kumakavala m'khosi ndi chingwe cha nsapato. Kutchalitchi amapita nako, kumaliro amapita nako. Ndinawafunsapo kuti, "Kodi alamu, posamba mumakavula?" Iwo anati, "Mlamu, msilikali sasiya mfuti." Msilikali! Munthu amene galu wa aneba akauwa amabisala kumbuyo kwa mkazi wake.

Asanakwatire achemwali anagwirako ntchito pa famu ina yaikulu ya nkhumba. Iwo akamasimba amati anali ku mbali ya zamankhwala. Amene ankagwira nawo anatiuza kuti ntchito yawo inali yokankha wilibala ya ndowe ndi kutsegulira magalimoto geti. Koma pokankha wilibalapo ankaona kapitawo akuthira ufa wachikasu m'thanki ya madzi akumwa nkhumba. Kuti ufawo ndi wa matenda anji, sanafunse. Kuti amathira mpaka liti, kapena thankiyo imalowa madzi ochuluka bwanji, sanafunsenso. Anangoona dzanja likuthira, basi mumtima n'kuti, "Ohoo, kani chinsinsi cha olemera n'chimenechi." Atawachotsa ntchito anabwerako ndi majombo, chikhoti choyera chimene sindikhulupirira kuti anachita kupatsidwa, ndi nzeru imodzi yokhayo. Amati safunsa anadya phula. Alamu anga phulalo akhala akudyetsa ena.

Chikhoticho n'chimene chinawakwatirira mkazi. Tsiku loyamba kufika kwathu anachivala, cholembera chili m'thumba la pachifuwa, ndipo malemu amayi anathamanga kukabwereka mpando wabwino kwa aneba poganiza kuti mwana wawo wapeza dokotala. Bambo okha ndi amene anayang'ana zikhadabo za mlendoyo, n'kutuluka kukakhala panja. Ine ndinali wamng'ono, koma ndimakumbukira kuti cholemberacho chinalibe inki, chifukwa ndinachiyesa pa dzanja iwo akudya.

Ufa uja ndi mankhwala opha tizilombo toyambitsa matenda a m'matumbo, aja amati maantibayotiki. Amagula ku sitolo ya zaulimi, kumene wogulitsa safunsa kuti nkhumba ikudwala chiyani, kapena ngati ikudwala n'komwe. M'mawa uliwonse a Supuni ankaima pakhomo la khola, chikhoti chili pathupi, achemwali n'kumabwera ndi zidebe za madzi kuchokera ku mpopi. Chidebe chilichonse supuni imodzi. Nkhumba idwale isadwale, yoyamwitsa, yabere, yoti iphedwe mawa, zonse zinkamwa madzi achikasu. Ntchito yawo inkathera pamenepo. Kunyamula madzi, kusakaniza chakudya, kukwirira tiana takufa kuseri kwa chimbudzi, zonsezo zinali za achemwali.

Kusesa m'khola analetsa. Ndikunena zoona, analetsa! Ankati n'kutaya madzi ndi nthawi. "Mayi, tsache langa ine ndi ili," ankatero akugwedeza kasupuni kaja. Ndowe zinkafika m'maondo a nkhumba, momwera madzi mutabiriwira ndi ndere, mvula ikagwa zonsezo n'kumayenderera mpaka pakhomo la khitchini. Achemwali ankasesa mwakuba, amuna awo akapita koyenda, ngati kusesa ndi chibwenzi chamseri.

M'nyumba namo munali chimodzimodzi. Ukatsegula kabati ya mbale unkapeza mapaketi a ufa otsegula ali pafupi ndi shuga, mabotolo ena ali pawindo dzuwa likuwaotcha, zolembedwa zake zitafufutika. Tiyi ankatakasa ndi kasupuni komweko, atangokapukuta pa buluku. Iwo eni m'mimba mukawavuta ankanyambita ufa pang'ono, ati nkhumba ndi munthu m'kati n'chimodzimodzi. Pamenepo pokha ndinkagwirizana nawo, pokamba za iwowo.

Koyenda ankapitadi. Njinga, kachikwama kumbuyo, kuzungulira makola a anthu. Nkhumba ikatsekula m'mimba anthu ankathamangira a Supuni, chifukwa dokotala wa ziweto amakhala kutali ndipo amafunsa mafunso ambiri, pamene alamu anga safunsa kanthu, amangobaya. Singano inali imodzi dera lonse, yobuntha ngati msomali. Abaya lero, abaya mawa, nkhumba ikangodzuka n'kuyamba kudya amati yachira, kupitiriza n'kuwononga mankhwala. Pa botolo palembedwa bwinobwino kuti umalize masiku onse, koma iwo ankati zimenezo amalemba ogulitsa kuti botolo lithe msanga. Zotsala za m'mabotolo osiyanasiyana ankazitsanulira m'botolo limodzi lalikulu, zonse n'kusanduka mtundu wa madzi a m'ngalande, ndipo botololo analipatsa dzina loti Mkulu wa Nkhondo. Limenelo linali la nkhumba zimene zakana zina zonse.

Mapeto a zonsezi ankafika pa thebulo langa. Nkhumba yobayidwa dzulo, lero ili kophera, mankhwala akadali m'mnofu. Tsiku lina woyeza nyama atangocheka pakhosi pa nkhumba yawo, mafinya anaphulika mpaka kumuthira pa epuloni.

"Bambo, imeneyi mwaibaya liti?"

"Kalekale."

"Kalekale bala la singano likadali laliwisi? Nyama iyi siituluka muno."

"Mwana wanga, nyama ya mankhwala ndiye yabwino. Wodya amatetezekeratu."

Anzanga anaseka mpaka kusiya mipeni. Ine ndinangoweramira m'beseni, kuopa kuti wina anganene kuti, "Si alamu ako awo?" Ndipo ananenadi.

Zaka zoyamba, kunena zoona, ufa uja unkagwira. Nkhumba zawo zinkanenepa, anthu n'kumawatama, iwo mutu n'kumakula. Kenako supuni imodzi inaleka kukwanira, anayamba ziwiri. Ziwiri zitakanika anasiya wachikasu n'kugula woyera, woyera utakanika anapeza wofiirira. Tiana tinkafa tikangoleka kuyamwa, tina tisanaleke n'komwe, timiyendo takumbuyo titanyowa ndi zachikasu. Mukuganiza kuti anadzifunsa? Aaa, alamu anga? Ankati mankhwala a masiku ano ndi achinyengo, amasakaniza ndi choko. Tsiku lina anati ndi mphepo. Tsiku lina anati achemwali ali ndi dzanja loipa.

Dokotala wa ziweto anafikako kamodzi, ataitanidwa ndi aneba amene anatopa ndi fungo. Ndi mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, amayenda pa njinga yamoto. Anaima pakhomo la khola osalowa, n'kuyang'ana madzi achikasu aja nthawi yaitali.

"Bambo, nkhumba zonsezi zikudwala?"

"Sizingadwale, pajatu zikumwa."

"Mukamapereka pang'onopang'ono tsiku lililonse chonchi, tizilombo tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana. Mapeto ake khola lonse limadzaza ndi tizilombo tosamva mankhwala. Siyani ufawu, tsukani khola, yodwala muziipatula, ndipo mukayamba kubaya muzimaliza."

Alamu anga anavomera zonse, "Inde adokotala, zoona adokotala," manja ali kumbuyo. Njinga yamoto isanazimiririke n'komwe anati, "Kamtsikana kameneka kanabadwa ine ndikubaya kale nkhumba." Mayiyotu ndi wa imvi m'mutu.

Za achemwali anga tsopano. Sanamenyedwepo, ndisawanamizire alamu. Koma zaka zonsezo mawu amene ankamva anali akuti, "Mayi, inu zimenezi simungazimve." Ana anakula n'kukayamba mabanja awo kutali, iwo n'kutsala ndi zidebe, msana utapindika, zala zitang'ambika. Munthu amene ali mtsikana ankaseka mpaka kugwa pa mpando anasanduka wa "chabwino bambo". Zinkandiwawa kuwaona.

Ndine ndinawapezera kankhumba. Pali mlimi wina wachikulire amene amabweretsa nkhumba kophera kwathu, matumbo a nkhumba zake ndimatsuka ndikuimba. Ndinamupempha kamsoti kamodzi, ndipo tinamanga kakhola kuseri kwa nyumba yanga ndi njerwa zotsala. Pansi simenti yotsetsereka, denga la malata akale, pakhomo beseni la madzi a mankhwala oviikamo mapazi, ndi loko wa makiyi awiri, wina wanga wina wa achemwali. Lamulo linali limodzi: a Supuni, majombo awo, ndi chilichonse chochokera m'khola lawo zisadutse pa geti langa. Achemwali ankabwera m'mawa ndi masana akamaliza za kwawo, n'kusamba m'manja, kusintha nsapato ndi nsalu, kenako kulowa. Ankakolopa m'kholamo kuposa mmene ine ndimakolopera pabalaza. Nkhumbayo ikamva mawu awo inkagona chammbali kuti aikande pamimba. Ufa sinaulawepo ngakhale tsiku limodzi.

Alamu atamva anaseka. "Nkhumba yosadziwa mankhwala? Amenewo ndi maliro oyenda." Maliro oyendawo anakula, tinakawakweretsa kwa mlimi wachikulire uja, anatenga bere. Inaswa masana dzuwa likuswa mtengo, achemwali atagwada pambali ndi chisanza, akupukuta kamodzikamodzi n'kumakaika pa bere. Tiana tofiira, tonenepa, timichira topotana, tinadzaza mawere onse kupatula awiri akumapeto.

Nthawi yomweyo kunabwera mwayi. Mayi wina wopuma pa ntchito ya uphunzitsi ali ndi munda kunja kwa tauni, makola abwino a njerwa amene akhala opanda kanthu, ndi kanyumba ka zipinda ziwiri ka wosamalira. Ankafuna munthu wamkazi, wodekha, woti akakhale komweko n'kumaweta, phindu azigawana. Anabwera kudzaona khola la achemwali, anaona pansi pouma, anavomera pomwepo. Anangonena chimodzi. Nkhumba zake zakale zinatha ndi matenda obwera ndi nkhumba yogula, ndiye pakhomo pake sipalowa chiweto chimene dokotala wa ziweto sanachivomereze. Tiana tikaleka kuyamwa, dokotala akationa, achemwali asamuke ndi nkhumba yawo ndi ana ake omwe.

Tinapita kukaona kanyumbako. Kanali kopanda kanthu, kangaude m'makona, chitseko cholira. Achemwali anazungulira zipinda ziwirizo kangapo ngati ndi nyumba yosanja, anayeza windo ndi mikono kuti adzasoke katani, anaima pakhomo n'kunena kuti apa adzabzala tomato. Pobwerera m'basi anaseka ngati kale, anthu mpaka kucheuka.

"Sindikuthetsa banja ayi," anandiuza. "Ndikungofuna kumadzuka kumene kulibe wondiuza kuti sindingamve."

Anayamba kusamutsira katundu kwanga pang'onopang'ono, lero nsalu, mawa mapoto, mkuja bulangete, zonse m'matumba a chakudya cha nkhumba kuti amuna awo asazindikire. Matumbawo tinawaunjika kuchipinda kwanga kuseri kwa chitseko. Kubisako kunali kungodzivutitsa, munthu uja mkazi wake akanatuluka ndi bedi pamutu sakanaona.

Nkhumba ya alamu nayo inaswa chapanthawi yomweyo, m'matope muja. Inatentha thupi, mkaka unauma, ndipo Mkulu wa Nkhondo atalowa m'khosi mwake inafa. Tiana take tinkafa kamodzikamodzi, tikutsekula zachikasu, mpaka tinatsala tiwiri. Ndi pamene a Supuni anakumbukira kuti ali ndi mlamu.

Anafika Lamulungu masana nditakhala pakhonde, katoni ili m'manja, m'kati mukulira timawu tosasa.

"Odi mlamu. Ndamva kuti ya mayi ili ndi mawere awiri opanda ntchito."

"Mwamva bwino. Imani pomwepo, geti musaligwire."

"Ndi tiwiri tokha. Tiyamweko masiku ochepa basi."

"Tikutsekula m'mimba timeneto, fungo ndikulimva ndili pano. Katipatseni mkaka wa m'botolo, mutifunditse, muitane dokotala."

"Ndatibaya kale. Tizilombo tafa tonse, zikutulukazi ndi zotsalira."

"Alamu, matumbo a nkhumba zanu ndimawagwira ndi manja awa. Bwererani."

"Nkhumba ya mkazi wanga ndi yanga."

"Geti ndi langa."

Anatembenuka ndi katoni yawo akung'ung'udza zoti akazi a kwathu ndi amwano kuyambira amayi athu. Ndinawauza achemwali madzulo ake, iwo anangoti, "Wachita bwino," maso ali pansi.

M'mawa mwake ndinapita ku ntchito. Pobwera, dzuwa likadali pamwamba, ndinadzera kukhola monga mwa masiku onse. Nkhumba inali itagona chammbali, ana atandanda pa mawere. Ndinayang'ana kumapeto kuja. Mawere onse anali ndi eni ake. Tiwiri takumapetoto tinali toonda, nthiti pamtunda, ubweya utaima, thupi lonse atatipaka ndowe za nkhumba yathu kuti isatizindikire ndi fungo n'kutiluma. Nzeru yokhayo ndiye anaitola bwino ku famu kuja. Pansi pamene achemwali ankakolopa panali madontho achikasu, ndi mapazi a majombo kuyambira pakhomo mpaka pakona. Beseni loviikamo mapazi analilumpha.

Loko sanathyoledwe. Ndinamugwedeza, anali wokhoma bwinobwino.

Achemwali ndinawapeza kuseri kwa khitchini atakhala pa njerwa, manja ali pamiyendo.

"Achemwali, kiyi wanu ali kuti?"

Anayamba kutolatola tiudzu pansi.

"Ndikufunsa inu!"

"Analira, mng'ono wanga," anatero. "Munthu wamkulu, anagwada m'khitchini n'kulira. Anati ndikakana ndiye kuti ndapha ndine. Zaka zonsezi sanandipemphepo kanthu, amangolamula. Lero andipempha."

Mayo ine! Ndinafuna kukuwa, ndinafuna kuwagwedeza mapewa, koma ndi akulu anga, anandibereka kumsana. Ndinathamanga kukachotsa tiwiri tija n'kutiika m'katoni kutali, ndinatsuka pansi ndi madzi otentha, ndinapukuta mawere a nkhumba limodzilimodzi. Ndikuchita zonsezo ndinkadziwa kuti madzi akatayika sawoleka. Tinali titayamwa tsiku lonse pakati pa tinzake, ndipo ana athu anali atanunkhiza kale madontho aja.

Sipanapite nthawi. Kamodzi kanasiya kuyamwa n'kukadzipinda pakona, kenako tina, kenako theka la khola. Maso analowa m'kati, khungu ukalitsina linkangoima. Dokotala anabwera tsiku lomwelo nditamuimbira. Sanakalipe, sanafunse kuti anatsegula ndani. Anatapa pang'ono za m'mimbazo ndi kathonje n'kutsekera m'kabotolo kuti zikayezedwe ku labotale. Anatiphunzitsa kusungunula mchere ndi shuga m'madzi owiritsa n'kumatimwetsa pang'onopang'ono, kenako anayamba jekeseni amene anati nthawi zambiri amagwira pa matenda otere. Achemwali sankachoka m'kholamo. Ankanyamula kamodzikamodzi pachifuwa ngati khanda, n'kumadonthezera madzi m'kamwa ndi chobayira chopanda singano.

Jekeseniyo tinamaliza masiku ake onse, osadumpha. Zinali ngati tikubaya madzi. Dokotala anasintha, wachiwirinso chimodzimodzi. Pakati pa zimenezo a Supuni anatulukira pa geti, Mkulu wa Nkhondo ali m'khwapa, ati abwera kudzathandiza poti akazi okhaokha zatikanika. Ndinangotola chitsulo chokolezera moto n'kuyenda molunjika kumene anali, ndipo msilikali uja anakwera njinga osaponda bwino chopalasira. Tiana tinkafera m'manja mwa achemwali, ndipo anakana kuti ndiwathandize kukumba maenje otikwiriramo.

Zotsatira za ku labotale zitatuluka, dokotala anatisonyeza chithunzi pa foni. Kambale kozungulira, kodzaza ndi zotuwa, pamwamba ataikapo timapepala ting'onoting'ono.

"Zotuwazi ndi tizilombo tochokera m'mimba mwa ana a nkhumba yanu, atimeretsa m'mbalemu," anatero. "Kapepala kalikonse kali ndi mankhwala ake. Mankhwala akakhala kuti akugwira, mozungulira kapepalako mumayera, tizilombo sitifikamo. Taonani nokha."

Tizilombo tinali titamera mpaka kukhudza timapepalato. Aka ndi ka ufa wachikasu, aka ka woyera, aka ka wofiirira, aka ka jekeseni woyamba uja, aka ka wachiwiri. Kamodzi kokha ndi kamene kanali ndi bwalo loyera.

"Nanga awa?" anafunsa achemwali akuloza kapepala ka bwalo loyerako.

"Amenewo amasungira anthu kuchipatala, odwala amene ena onse awakanika. Sindingawabweretse m'khola. Tikawathera pa nkhumba, tsiku lina mwana wa munthu adzawafuna n'kupeza nawonso sakugwira."

Achemwali anagwedeza mutu kuti amva. Kenako anafunsa chimene tonse tinkaopa kufunsa, za kumunda kuja.

"Mayi, sindinganame. Yaikuluyi yapulumuka, ndipo tochepa totsalati mwina tikhala. Koma tizilomboti tili m'matumbo mwake ndipo tizituluka ndi ndowe kwa nthawi yaitali. Ndikavomereza kuti zisamuke, ndiye kuti ndatengera matendawa ku makola oyera. Pepani."

Mphunzitsi uja nayenso anapepesa. Anadikirako pang'ono, koma makola sangakhale opanda kanthu mpaka kalekale, ndipo kanyumba kaja anapatsa mayi wina. Sindimuda. Ndikanakhala ine ndikanachita chimodzimodzi.

Tsono imvani izi. Mwa tiwiri ta alamu tija, kamodzi kanafa, kena kanachira. Kanachira! Ndipo ndine amene ndinkakamwetsa mkaka wa m'botolo m'katoni muja, poti chiweto sichinalakwe. Koonda, mutu waukulu, koma kamoyo. A Supuni anabwera kudzakatenga atavala chikhoti chochapa, n'kukanyamula m'mwamba pamsewu kuti aneba aone.

"Mwaona? Magazi okhwima ndi mankhwala amenewa! Za mayi zafa chifukwa chosazolowera. Ndinanena ine. Akanandimvera n'kumathira ufa kuyambira pachiyambi, bwenzi zonse zili moyo."

Ena mwa aneba anagwedeza mitu kuvomereza. Mmodzi anafunsa kuti wofiirira uja amagula kuti. Ine ndinali ndi beseni la madzi otsukira khola m'manja, ndipo Mulungu ndi mboni, manja ananyamuka okha. Koma achemwali anali ataima kumbuyo kwanga, ndipo khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Madziwo ndinathira m'ngalande. Munthu ameneyu ndimamunyoza kuchokera pansi pa mtima, ndipo chimandiwawa kwambiri n'chakuti sadziwa n'komwe kuti pali chimene anachita. Amadya bwino, amagona bwino. Pano akuti akufuna kuyamba kubaya nkhuku.

Ndinawauza achemwali kuti akhale kwanga. Ana anga azigona pabalaza, tiyambiranso, tipeza kamsoti kena, timanga khola lina. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Kumunda kuja ndikanakhala pakhomo panga," anatero. "Kuno ndikhala mlendo wa amuna ako. Ndakula, mng'ono wanga, sindingayambe lero kupempha sopo." Anaimirira n'kukonza nsalu yawo. "Komanso ndinatsegula ndine. Usamangotukwana iwo okha."

Nkhumba ija anati ndiziidyetsa ine, iwo sangathenso kuiyang'ana. Analowa kuchipinda n'kukoka matumba aja kuseri kwa chitseko. Pobwera anabwera mobisa, koma pobwerera anati palibenso chobisa, awatenga masana anthu akuona. Anapinda nsalu n'kupanga nkhata, anaika pamutu, n'kugwada pafupi ndi thumba lalikulu.

"Tanditwika."

"Sindikutwikani."

"Iwe, tanditwika, dzuwa likupita."

Ndinawatwika. Linali la mapoto, ndipo ndinkawamva akugundana mpaka achemwali atakhota pa ngodya.